Chibuda kapena Chijaini kwa wothawa tsankho la mtundu ku India

Ku India, munthu wobadwira mwa a Dalit, omwe anzawo amawayesa odetsedwa, akatopa ndi kunyozedwa amatha kuganiza zolowa chipembedzo cha Chibuda kapena cha Chijaini. Zonse ziwiri zimati ulemu wa munthu uli m'zochita zake, osati m'banja lomwe anabadwiramo.

Pachiyambi zimafanana. Buddha analandira Upali, wometa tsitsi, m'gulu la amonke asanalandire akalonga a Sakya, fuko la Buddhayo, moti akalongawo anagwadira wantchito wawo. Ajaini amasimba za Harikesha, wobadwira m'fuko lonyozeka, yemwe anakhala mmonke wolemekezeka.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku mpamene pali kusiyana.

Chijaini: nyama ayi, ndipo ambiri sadya anyezi, mbatata, kapena kudya dzuwa litalowa. Ajaini agawikana m'magulu ngati Oswal ndi Porwal, ndipo ukwati nthawi zambiri umakhala wa m'gulu momwemo.

Chibuda: malamulo a chakudya ndi opepuka, ndipo njira inalambulidwa kale. Pa 14 Okutobala 1956, B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa a Dalit, analowa Chibuda ku Nagpur ndi khamu la a Dalit. Kuyambira 1990, Mdalit wolowa Chibuda sataya mwayi wa malo omwe boma limasungira anthu oponderezedwa kusukulu ndi kuntchito.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Chibudanso chinagwa m'tsankho lomweli. Ku Sri Lanka, gulu la amonke la Siyam Nikaya linkadzoza a fuko lapamwamba la Govigama okha, mpaka otsalawo anakadzozedwera ku Burma.

Wofuna abale omwe anamva ululu womwewo, Chibuda chimuyenera. Wokopeka ndi kusavulaza chamoyo chilichonse, wokonzeka kukhala mlendo kwa nthawi, apite ku Chijaini.