Amdala okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, njira ya ku Kapata

Anzanga a ku Down Shops, dera la mashopu muno mu Chipata, akhala akundifunsa kumene ndimakonzetsa njinga yanga, poti amaona kuti ngakhale mu Okutobala, fumbi lili koboo, tcheni chake sichilira. Ndati ndilembe kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, wofuna kupitako apite akudziwa.

Malowo alibe chikwangwani. Mukamachokera m'tauni kulowera ku msika wa Kapata, pali mtengo wa mango umene anapachikapo matayala akutha. Pansi pake pali benchi, bokosi la zitsulo, pampu yaikulu yopondera ndi beseni la madzi akuda loyeseramo machubu. Mwini wake ndi bambo wachikulire, tonse timangoti amdala, ndipo amathandizana ndi mdzukulu wawo wamwamuna. Amati ntchitoyi anaiphunzira ku Luangwa Industries, fakitale ija inkapanga njinga za Eagle muno mu Chipata isanatsekedwe, ndipo mukaona mmene amagwirira wilo simungatsutse.

Ine ndine telala. Ndimakhala ku Mchini, ndimasokera m'tauni. Njinga ndinagula chifukwa cha masamu basi. Boma litachotsa sabuside ya mafuta kumapeto kwa 2021, a ERB, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, n'kuyamba kulengeza mtengo wa petulo mwezi ndi mwezi, takisi inaleka kukhala ya anthu ngati ife. Mafuta akakwera, mtengo wa takisi umakwera tsiku lomwelo. Akatsika, mtengowo sutsika. Kabaza nayenso m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo thumba la mayunifolomu, ankadya phindu la madiresi awiri pa sabata. Ndinagula njinga yachikazi yakale, ya giya imodzi, yokhala ndi kaliyala, ndipo ndiyo imandinyamula ine ndi nsalu zanga.

Chimene chinandikopa kwa amdalawa ndi funso limene amayamba nalo. Asanagwire sipanala amafunsa kuti, "Amayi, mumakhala kuti, nanga kumbuyoku mumanyamulako chiyani?" Poyamba ndinkaona ngati ndi macheza chabe. Ayi ndithu. Yankho lanu ndilo limawauza chochita ndi njingayo.

Yanga inkavina wilo la kumbuyo, ndipo kwina anali atandiuza kale kuti ndigule limu yatsopano. Amdala anaigadamitsa, chishalo pansi, n'kuzungulitsa wilo, chala chachikulu atachiika pafupi ndi limu kuti amve pamene ikukhudza. Kenako anayamba kukhwefula sipoko iyi pang'ono, kumanga iyo pang'ono, akuziliza ndi chikhadabo imodziimodzi, khutu atatchera. Mokhota monse munawongoka. Atatsegula habu, pakati pa wilo paja, anandiitana kuti ndidzaone ndekha: girisi atauma gwaa, mabolo awiri atasweka, koni, kachitsulo kamene mabolowo amazungulirapo, itakumbika mbali imodzi. Anatulutsa makoni awiri n'kuwaika pa chikhatho. "Iyi ndi yotchipa, ikutengerani mpaka mvula ikayamba. Iyi ndi yodula, koma ndi katundu wanu uja wa nsalu, tengani iyi." Sanandikakamize. Limu sindinagule, ndipo mpaka lero ndi yomweyo.

Ukakhala pa benchi lija kudikira, umaona Chipata yense akudutsa pa mawilo awiri, aliyense ndi chifukwa chake. Ambiri ndi anyamata a kabaza, a kaliyala ya khushoni ndi tizitsulo topondapo wokwera. Iwowa amdala amawaikira masipoko onenepa kumbuyo, ndipo m'mawa amayamba ndi iwo ngakhale wafika kale ndiwe. Ndinadandaulapo. Anandiyankha kuti, "Mwana wanga, iwe makina ako akukudikira ku shopu. Uyu njinga ndiye khasu lake, ikagona pano ana agona ndi njala." Masiku ano njinga zamoto zawalanda makasitomala ambiri, ndiye ola lililonse la m'mawa ndi la mtengo wapatali kwa iwo. Ndinamvetsa, komabe ngati muli ndi changu musapiteko isanakwane 9 koloko.

Amabweranso a makala ochokera kumidzi ya msewu wa Mfuwe ndi wa Chadiza, matumba atasanjikiza kupitirira mutu, mafoloko atapindika. Pamabwera atsikana a sekondale amene makolo anawagulira njinga kuti asamafike m'kalasi atatopa ndi mtunda. Pali bambo wina wa ofesi, galimoto ali nayo pakhomo, koma kuchipatala anamuuza kuti shuga ndi BP zikufuna thukuta, ndiye amapalasa atavala tayi, buluku atalipisa m'sokosi. Ameneyu amdala anamukwezera mahandulo kuti asamawerame kwambiri. A zaumoyo oyendera odwala m'midzi amabwera ndi Buffalo, njinga ija ya World Bicycle Relief imene kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Pa imeneyi amdala amakana kuikapo zitsulo zongopeza. Amakuuza kuti ukagule chake chenicheni, iwo adzangomanga.

Koma chandilembetsa kwenikweni ndi nkhani ya alongo anga aakulu.

Iwo anali dalaivala. Ankayendetsa Canter ya munthu wina wogula soya ndi chimanga, kuzungulira Chadiza, Vubwi mpaka Lundazi. Madzulo ena a mu Disembala anamwa ndi anzawo, n'kukwera galimoto kuti akaisiye kwa abwana. Apolisi a pamsewu anawaimitsa, anawauzitsa mpweya m'kachipangizo koyezera mowa, nkhani inakathera kukhoti. Faindi analipira, laisensi inaimitsidwa, ntchito inathera pomwepo. Sindiwaikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Msewu umene anadutsa usiku umenewo ndi Great East Road yomweyi imene ine ndimapalasamo, imene amayi obereka ana kumbuyo amakweramo kabaza. Lamulo la pamsewu la 2002, lomwe linakhazikitsanso RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, limapatsa khoti mphamvu yolipiritsa, yotsekera m'ndende ndi yoimitsa laisensi ya woyendetsa ataledzera, ndipo ine ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Tikuthokoza Mulungu kuti anawagwira asanagunde munthu.

Komatu chilango chikaperekedwa, mimba siimitsidwa ndi khoti. Ana atatu, lendi ku Nabvutika, alamu anga akugulitsa tomato pakhomo. Patapita nthawi anapeza ntchito yolemba matumba pa depoti ina panjira ya ku Mwami, malipiro ochepa, osakwanira kukwera galimoto tsiku ndi tsiku. Kumudzi kunali Eagle ya malemu bambo athu, itapachikidwa ku denga la khitchini, yakuda bii ndi mwaye. Tinaibweretsa pamwamba pa minibasi.

Vuto silinali njingayo. Linali manyazi. Munthu amene anazolowera kuimba huta anthu n'kumapatuka, lero azikankha njinga ya dzimbiri pakati pa Kapata, pomwe aliyense amamudziwa? Anafuna kuti ndipite nayo ndine. Ndinakana, tinapita tonse. Tisanakhale n'komwe pansi, mnyamata wina wa kabaza anayamba: "A dalaivala, Canter yafota bwanji?" Anzake kuseka. Ndinaona alongo anga nkhope itagwa, dzanja likufuna kale kutembenuza njinga kuti tibwerere. Amdala sanakweze mawu. Anangoti, "Anyamata inu, mlandu unatha kukhoti. Pano timakonza njinga." Kenako anatembenukira kwa alongo anga n'kuwafunsa funso lomwe lija amafunsa aliyense: mumakhala kuti, mukagwira kuti, muzinyamula chiyani.

Anaigwira Eagle ija mwaulemu, n'kutionetsa pamene fulemu inalumikizidwa, kuti palibe mng'alu paliponse. Anasintha matayala, machubu, tcheni, makotapini omangira mikono ya mapedulo ndi mabolo onse. Mabuleki ake ndi a ndodo aja akale, ndipo anawakonza m'malo mowachotsa, ati chitsulo chake n'chabwino kuposa cha masiku ano. Pa mabuleki amdala sachita nthabwala, poti tauni yathu yazunguliridwa ndi mapiri ndipo misewu yambiri ya m'makomboni ndi yotsetsereka. Anawakwezera chishalo mpaka mwendo uziwongoka bwino pedulo ikakhala pansi, n'kuwachenjeza kuti munthu amene wakhala zaka zambiri pa mpando wa galimoto, maondo ndi matako zimayamba zadandaula, asafooke sabata yoyamba. Ndalama zonse panalibe. Anatulutsa kope la sukulu lothimbirira ndi girisi, analemba, n'kuti azipereka mwezi ukatha.

Potsanzikana ndi pamene ananena za mowa, kamodzi kokha, motsitsa mawu, anyamata aja asakumva. "Mwana wanga, njinga nayonso siyenda ndi mowa. M'galimoto munali chitsulo chokutchinga. Apa lole ikakupeza, ipeza mnofu." Sikuti amangolankhula. Ndinaonapo ndi maso anga bambo wina akubwera kudzatenga njinga yake madzulo akudzandira, ndalama ili m'manja. Amdala anakana kumupatsa. Anaimanga ndi loko pamodzi ndi zina, n'kumuuza kuti abwere m'mawa. Anatukwanidwa mpaka anthu kusonkhana, koma njinga inagona.

Alongo anga akupalasabe. Kamimba kaja kanaphwa. Mowa anachepetsa kwambiri, ati kukwera chitunda m'mawa uli ndi matsire ndi chilango choposa faindi. Chimene sindinayembekezere ndi mmene amalankhulira tsopano za madalaivala. Amabwera kwathu atakwiya, kusimba za basi imene yawadutsa pafupi mpaka mphepo kuwakankhira m'ngalande, za takisi yotsegula chitseko mosayang'ana. Iwonso ankachita zomwezo kwa a njinga, ndipo amavomera okha. Akuti laisensi ikadzabwerera adzafunanso ntchito ya udalaivala, poti ndiyo ntchito imene amaidziwa, koma Eagle sadzaibwezanso kumudzi.

Tsopano zoipa, chifukwa zilipo.

Njinga za magiya ambiri, izi zobwera m'makontena zogwiritsidwapo kale ntchito kunja, amdala sazikonda ndipo sazidziwa bwino. Mnzanga wina anapita ndi yake ikulumpha magiya, anabwerako ikulumphabe, n'kuuzidwa kuti angochotsa zonse aike fuliwilo ya giya imodzi. Kwa wina amenewo ndi malangizo abwino, koma iye anagula njingayo chifukwa cha magiyawo, kwawo n'kokwera. Ngati yanu ndi yotero, funani amakaniko achinyamata m'tauni.

Mdzukulu uja ali ndi manja abwino koma ndi wopupuluma. Akamamata chubu sadikira kuti guluu aume kaye asanaike chigamba, ndiye agogo ake akachokapo, chigamba chake chimatha kusomphoka dzuwa likatentha. Zinandichitikira ndili ndi madiresi a ukwati kumbuyo. Anandimatiranso osalipiritsa, ndipo mnyamatayo anadzudzulidwa ine ndili pomwepo, komabe tsiku limenelo ndinafika kwa kasitomala ndikukankha. Mukapita ndi ponchi, khalani pafupi, muone kuti wapala bwino chubu ndipo wadikira. Muwauzenso apapase m'kati mwa tayala, chifukwa kaminga kapena kawaya kakatsalamo muponchanso musanafike patali.

Mvula ikagwa ntchito imaima, poti denga lawo ndi masamba a mango ndi kapepala ka pulasitiki kophimba bokosi la zitsulo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi imene matope amadya mabuleki ndi tcheni, ndi pamenenso kumakhala kovuta kuwapeza masana. Ndalama za pafoni salandira, amafuna za m'manja, ndipo chenji chimavuta. Loweruka satsegula, amapita kutchalitchi.

China chimene chimandipweteka mtima: magetsi a njinga ndi tonyezimira ta kumbuyo sagulitsa, ndipo sakumbutsa anthu za izo monga amachitira ndi mabuleki. Ambiri mwa ife timaweruka kutada. M'mbali mwa msewu waukulu usiku, munthu wovala zakuda pa njinga yakuda dalaivala amamuona atafika kale pa iye, ngakhale dalaivala wosamwa. Ndinawauza amdala, anavomera kuti ndi zoona, ati mpamba wogulira katundu wotero ndi umene ulibe. Ine ndinakagula kanyali kotchaja ndi kofiira ka kumbuyo ku Down Shops, ndinagulira ndi alongo anga, amdala n'kutimangira bwinobwino ndi tizitsulo m'malo mwa mphira.

Za mitengo, sindinaonepo akutchula mtengo wina kwa wa tayi ndi wina kwa wa makala. Amatchula asanayambe ntchito, ndipo chitsulo chimene achotsa amakubwezera m'manja kuti uone kuti asinthadi. Zitsulo mukhoza kubwera nazo nokha, amangolipiritsa ya manja. Ngati ntchito ndi yaikulu, monga kumanga wilo lonse kapena kudzutsa njinga imene yagona zaka, isiyeni Lolemba chakumasana mukaitenge Lachitatu, ndipo pampu ndi belu muchotseretu mupite nazo kunyumba, chifukwa pa benchi paja pamadutsa manja ambiri.