Chingamu cha nikotini ndi chabwino, koma wogulitsa sadziwa chimene akugulitsa

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri ndachotsa chifukwa cha mnyamata wapakauntala pa famase ina m'tauni muno mwa Zomba.

Munthu ukumuuza kuti umamaliza paketi patsiku, ndudu yoyamba umayatsa usanasambe n'komwe, iye akukupatsa chingamu chothandiza kusiya fodyachi cha 2 mg. Amene amasuta pasanathe mphindi 30 chidzukire amafunika cha 4 mg. Ndiye mnyamatayo n'kuwonjezera kuti, "Muzingotafuna ngati chingamu wamba, bambo." Ayi! Ukatafuna mosalekeza, nikotini amatuluka mofulumira kwambiri, umamumeza ndi malovu, kenako nseru, chilungulira, kukhosi kuwawa, chibaba chili pomwepo. Anthu amataya bokosi n'kubwerera ku fodya akuganiza kuti mankhwalawo ndi abodza, pomwe wolakwa ndi amene anawalangiza.

Katafunidwe kake ndi aka: tafunani pang'onopang'ono mpaka mumve kuyabwa ngati tsabola, kenako chisungeni pakati pa tsaya ndi nkhama. Nikotini amalowera pamenepo. Kuyabwako kukatha, tafunaninso pang'ono n'kuchisunga mbali ina, mpaka mphindi 30. Kwa mphindi 15 musanayambe, osamwa khofi, Sobo kapena Fanta, chifukwa asidi wake amalepheretsa nikotini kulowa. Masabata oyamba muzitafuna chimodzi pa ola limodzi kapena awiri aliwonse osadikira chibaba, n'kumachepetsa mpaka pafupifupi masabata 12.

Mnyamata uja atamva dandaulo langa, anangoti ndikagule vape (ndudu yamagetsi) ya mango yomwe anyamata akusuta m'tauni. Kunena zoona, vape yathandiza akuluakulu ena kusiya ndudu, ndipo fungo la zipatso limawachotsa pa kakomedwe ka fodya. Koma vape ina yotaya ikatha imalembedwa 5%, kutanthauza 50 mg ya nikotini pa mililita imodzi, ndipo poti imakoma, munthu amaikoka tsiku lonse ngakhale m'nyumba. Ambiri amathera pa zonse ziwiri, vape masana, ndudu pamowa madzulo, ndipo utsi wa ndudu ukulowabe m'mapapo.

Chingamucho sindichinyoza. Cha 4 mg mukachitafuna moyenera chimaziziritsa chibaba m'mphindi zochepa, ndipo chamintichi sichiwawa kwambiri. Osuta kwambiri aphatikize ndi chigamba cha nikotini chomata pakhungu cha 21 mg, zonse ziwiri pamodzi zimaposa chimodzi mphamvu. Mukapita, funsani wamankhwala weniweni, ndipo ovala mano oikirira asagule, chimamatirira.