Makwerero a chingwe a boti omwe tinapangitsa kwa kalipentala wa ku Luwinga

Atsibweni anga ali ndi boti la injini ku Nkhata Bay, amanyamula anthu ndi katundu kupita ku Usisya ndi Ruarwe, ndiye chaka chino agula kaboti kopopa kothawiramo pangozi. Koma nanga munthu atsikiramo bwanji? Anyamata atha kudumpha, koma agogo kapena mayi amene wabereka mwana kumbuyo sangathe, makamaka mwera ukuwomba mu June ndi July. Amene munakwerapo Ilala mukudziwa, pamalo opanda doko mumatsikira m'kaboti kakang'ono, miyendo kuchita kunjenjemera ngakhale nyanja ili bata.

Ndiye anandituma ineyo poti ndimakhala ku Mzuzu konkuno kuti ndipeze wopanga makwerero a chingwe. Ndinapita kwa bambo ena a ku Luwinga ndi miyeso ya malamulo a sitima zapamadzi a SOLAS, thabwa lililonse lisachepere 480 mm mulitali, 115 mm mulifupi, kukhuthala 25 mm, mpata wake pakati pa 300 ndi 380 mm. Ndi miyeso ya sitima zikuluzikulu inde koma phazi la munthu ndi lomwelo. Bambowa anatsatira bwinobwino, mtengo anasankha mlombwa wouma wopanda mfundo, mabowo a chingwe onse ofanana, apa ndiye ndawayamikira kwambiri.

Pomwe panalakwika ndi pa vanishi. Anapaka kuti ziwale, ine nditathira ndowa ya madzi nkupondapo ndi patapata phazi linangoti tere, mtima unandiwawa poganiza kuti akanakhala munthu ali panyanja usiku. Nditawauza sanatsutse, anangoti "pepani achimwene, ndimaona ngati ndi za m'nyumba", anapala yonse ndi sandipepa nkusema timizere toti phazi lizigwira. Chingwenso ankafuna kuika cha nayiloni chabuluu cha mumsika chija, ndinakana, chimaterera chikanyowa komanso dzuwa limachidya. Cha manila tinachita kuitanitsa ku Dar es Salaam kudzera kwa dalaivala wina wodutsa pa Songwe, nchifukwa chake ntchito inachedwa masabata awiri.

Kutalika musamayezere boti lili chilili. Lamulo lija limati makwerero azifika pamadzi ngakhale sitima itapendekeka madigiri 20, ndipo nyanja yathuyi si yoseweretsa, sitima ya Vipya inamira mu 1946 kufupi ndi Chitimba nkupha anthu 145. Ife tinawonjezera matabwa awiri.

Tinakayesa ku Nkhata Bay Loweruka, azakhali anga atavala laifujaketi anatsika okha mpaka m'kaboti osagwiridwa dzanja, atsibweni kumangogwedeza mutu. Kalipentalayu ndingamutumenso, bola muwauziretu kuti vanishi ayi, ndipo chingwe mubwere nacho nokha.