Kuthandizira mpikisano wa m'dera pofuna kutsatsa malonda: chimene chinapindula ndi chimene sichinapindule

Okonza mipikisano ya masewera ndi zionetsero za m'madera amagulitsa kwa amalonda ang'onoang'ono mwayi wodzitsatsa, ndipo kawirikawiri amaugawa m'magawo atatu otchedwa golide, siliva ndi mkuwa. Ine ndimakonza mafoni, ndipo ndinalipira gawo lapakati pa mpikisano wa mpira wa achinyamata, pomwe komiti inandilonjeza chizindikiro cha bizinesi yanga pa chinsalu chachikulu, kutchulidwa pa chimkuzamawu, malo oikapo tebulo, komanso kulengezedwa pa tsamba lawo la Facebook. Ndalamazo sizinapite pachabe, koma chimene komiti inachichemerera kwambiri pondikopa ndicho chinandipindulira pang'ono kuposa zonse.

Ndikunena chinsalu chija. Chinali chosindikizidwa bwino ndipo chinapachikidwa pamalo oonekera, koma zizindikiro zinathithikana kwambiri moti munthu woima tsidya lina la bwalo ankangoona mitundu, osatha kuwerenga dzina ngakhale nambala ya foni. Chodandaulitsa koposa n'chakuti pambali penipeni pa chizindikiro changa panali cha munthu wina wokonzanso mafoni, ndipo komiti sinaonepo vuto, popeza kwa iyo aliyense wobwera ndi ndalama ndi wolandiridwa. Vuto limeneli ngakhale mipikisano ikuluikulu inakumana nalo kale. Masewera a Olimpiki a mu 1976 ku Montreal, m'dziko la Canada, anali ndi makampani othandiza oposa 600, koma pofika a mu 1984 ku Los Angeles, m'dziko la America, Peter Ueberroth, yemwe ankatsogolera komiti yokonza masewerawo, anachepetsa kwambiri chiwerengerocho n'kupatsa kampani imodzi yokha danga pa mtundu uliwonse wa malonda, ndipo makampaniwo analolera kulipira zambiri chifukwa opikisana nawo anali atatsekeredwa kunja. Komiti ya m'dera ikhoza kuchita chimodzimodzi popanda kuwononga kanthu, ndipo wamalonda ayenera kufunsa za mfundoyi asanatulutse ndalama.

Kutchulidwa pa chimkuzamawu kunayamba mofooka. Woyendetsa mwambo anawerenga mayina athu onse mondondoza m'mawa, anthu asanadzaze, ndipo palibe amene akanakumbukira dzina limodzi pa mndandanda wotero. Pano ndiyenera kuiyamikira komiti, chifukwa nditapempha kuti pa nthawi yopuma woyendetsa mwamboyo anene kumene kuli tebulo langa ndiponso kuti kutchaja foni n'kwaulere, anavomera mosanyinyirika, ndipo mpira usanayambirenso anthu anali atandizungulira. Uthenga wouza munthu chochita ndi kopita unagwira ntchito imene kungotchula dzina kunailephera.

Phindu lenileni linali patebulo. Anandipatsa malo pafupi ndi chipata, pamthunzi, ndipo ndinabwera ndi batire yaikulu, zingwe za mafoni osiyanasiyana ndi timakhadi tosindikizidwa dzina la bizinesi, tomwe wobwera nato ku shopu ankachotseredwako mtengo. Munthu amene wasiya foni yake pa chaja sapita patali, ndipo pamene akudikira amayamba yekha kufotokoza mavuto ake. Bambo wina anandionetsa sikirini yosweka yomata ndi selotepi, imene ankaisindikiza ndi chala chachikulu kuti iyake. Ndinamusonyeza pomwe chingwe cha m'kati chinamasuka, ndipo sabata yotsatira anafika ku shopu ndi khadi lija pamodzi ndi foni ya mkazi wake. Timakhadi timeneti ndito tinandithandiza kudziwa makasitomala amene anachokera ku mpikisanowo, chifukwa popanda ito bwenzi ndikungoganizira chabe.

Komabe aliyense adziwe kuti mtengo umene komiti imatchula si wonse. Kusindikiza makhadi, kulipira wondithandiza, kunyamula katundu ndi kutseka shopu tsiku lonse zinali pamutu panga, ndipo komiti sinandichenjeze za zimenezi ngakhale pang'ono. Amene ali ndi ndalama zochepa angachite bwino kutenga gawo lotsika, bola likhale ndi tebulo, n'kusunga zotsalazo kuti agwiritse ntchito pa tsikulo, kusiyana n'kugula golide kenako n'kukhala pampando wa alendo olemekezeka manja ali lende.

Za pa Facebook ndilibe zambiri zoyamikira. Anaikapo chithunzi chimodzi cha chinsalu patapita masiku, osalumikiza ndi tsamba langa, ndipo sanatumize lipoti lililonse la chiwerengero cha anthu amene anabwera, ngakhale kuti ankadula matikiti pachipata ndipo kuwerenga sikukanawavuta.

Mwayi woterewu ndi woyenera amalonda amene makasitomala awo amakhala kufupi ndi bwalo ndipo ali ndi chinthu choti munthu achigwire kapena achiyese pomwepo. Wogulitsa katundu kwa mabungwe kapena kwa anthu akutali sangapeze ogula ake pakati pa makolo odzaonerera ana awo. Chaka chamawa ndidzalipiranso ngati komiti idzavomere kulemba m'pangano kuti wokonza mafoni adzakhala mmodzi yekha, kuti tebulo lidzakhala pachipata, ndiponso kuti chilengezo chidzaperekedwa pa nthawi yopuma.