Pati taimu ya fizikisi ku Luwinga, ndalama zanga sizikupita pachabe

Amene muli ndi ana a Fomu 4 kuno ku Mzuzu ndipo fizikisi ikuwazunguza mutu, kuli aphunzitsi ena ake ku Luwinga amaphunzitsa Loweruka mmawa, mwana wanga wamkazi amapita komweko ndiye ndati ndikuuzeniko mmene ziliri.

Tsiku lomwe ankayamba mutu wa nyukiliya ndinakhala nawo kumbuyo. Mutu umenewu ana ambiri amangoloweza ma alpha ndi ma beta, mitundu ya radiation, osadziwa nkomwe kuti ndi chani. Bambowa anabwera ndi mbale ya chimanga, njere 139, nkuponyamo nyemba imodzi yofiira, akuti mu uranium wokumbidwa pansi mtundu wa U-235 umene atomu yake imasweka mosavuta ndi wochepa chonchi, 0.7 peresenti basi, nchifukwa chake pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse aku America anachita kumanga zimafakitale ku Oak Ridge zongosankha kanyembako kuti apangire mabomba a nyukiliya. Ana onse anadzuka kukasuzumira mmbalemo.

Kenako anafika pa Enrico Fermi, wasayansi wochokera ku Italy. Pa 2 Disembala 1942, pansi pa masitandi a bwalo la masewero pa University of Chicago, gulu lake linali litasanja zidutswa za graphite, chakuda chija cha mu pensulo, ngati uvuni wa njerwa, uranium mkati, ndi ndodo za chitsulo cha cadmium zomeza ma neutron, tizinthu timene timaswa ma atomuwo. Akasolola ndodo pang'ono ma atomu amasweka ochuluka, akaibwezera zimazilala, ndipo mphamvu yomwe inatuluka tsiku limenelo inali theka la watt lokha, yosayatsa ngakhale babu. Nkhani ya chain reaction, kusweka kwa ma atomu kotsatizanako, ndi control rods, ndodo zija, mwana wanga anaimvetsa pompo, madzulo ankafotokozera mng'ono wake osayang'ana mu kope.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi chakuti uranium wambiri wa ntchito ya mabomba oyambawo anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, ku Congo konkuno, ankakumba ndi anthu akuda anzathu pansi pa atsamunda a ku Belgium. Mapeto ake ndi mabomba kuponyedwa pa mizinda ya ku Japan, Hiroshima pa 6 Ogasiti 1945 ndi Nagasaki pa 9, anthu miyandamiyanda kufa. Aphunzitsiwo sanathamangirepo apa, anaima ndithu nkufunsa ana maganizo awo, ndipo ine ndinaona kuti nzoyenera chifukwa ife tili ndi mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, ana athu azidziwa kuti mwala umenewu ndi wotani.

Zovuta zilipo. Kachipinda nkakang'ono, kopanda siling'i, mvula ya kunoyi ikayamba pa malata simumva kanthu. Komanso nkhani zimadya nthawi moti masamu a half-life, nthawi imene theka la ma atomu limakhala litasweka, anangowadutsa mothamanga, chonsecho ndi amene amavuta pa mayeso, ndinawauza ndithu ndipo sabata yotsatira anabwerezanso.

Amalipiritsa pamwezi, Mpamba kapena Airtel Money amalandira. Mwana atenge kalikuleta, mapepala a mayeso akale ndi juzi, ndipo azifika msanga chifukwa mabenchi akutsogolo amadzaza mwachangu.