App kapena njinga yathuyathu: zomwe tinaona pa shopu ya franchise mu 2020

Anzanga angapo kuno ku Joni akhala akundifunsa kuti shopu yathu inapulumuka bwanji nthawi ya Covid-19, chikhalirecho inali isanakwanitse n'chaka chomwe. Timagulitsa nkhuku ndi tchipisi. Ndi franchise, kutanthauza kuti dzina ndi la eni ake, ife timalipira mwezi ndi mwezi kuti tiligwiritse ntchito. Tinayesa njira ziwiri zofikitsira chakudya kwa anthu, ndipo sindibisa, mtima wanga uli ku njinga.

M'bindikiro unayamba pa 27 Marichi 2020. Milungu isanu chitsekere, lendi ikungowerengedwa. Pa 1 Meyi boma linatilola kuphika, koma chakudya chizikaperekedwa kunyumba basi, ndipo pofika 8 koloko usiku aliyense akhale ali m'nyumba. Kasitomala kubwera kudzatenga yekha zinaloledwa pa 1 Juni. Wopanda njira yotumizira chakudya anali ngati sanatsegule.

Tinathamangira app, ija ya pafoni yomwe anthu amaodera chakudya, eni app n'kutumiza woyendetsa wawo kukapereka. Ubwino wake ndi woonekeratu: maoda amayamba kulowa msanga, njinga sugula, woyendetsa si wako.

Koma abale anga, komishoni. Eni app ankatidula pafupifupi R30 pa R100 iliyonse, ndipo izi tinazidziwa posaina, tinangoti bola kugulitsa. Chomwe sindinachiwerengere ndi ichi: eni dzina amatenga gawo lawo, komanso ndalama yotsatsira malonda, pa mtengo wonse womwe kasitomala walipira. Amawerengera pa R100, osati pa R70 yomwe yafika m'manja mwathu. Ndiye timalipira pa ndalama yomwe sitinaigwire n'komwe. Kukweza mtengo sitikanatha, chifukwa mitengo amaika ndi eni dzinawo. Kumapeto kwa Meyi ndinakhala pa kreti kuseri kwa shopu, masiki ili pachibwano, ndikuwerengera pafoni kachiwiri, kachitatu. Mafuta ophikira, nkhuku, mabokosi, magetsi, malipiro a anthu anayi. Mwezi wonse titaima pamoto, zotsala sizinakwane lendi. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Chinandipwetekanso china. Woyendetsa akazungulira ndi maoda ena, tchipisi n'kufika zitazizira, kasitomala akadandaula, ndalama yomubwezera nthawi zina inkachotsedwa kwa ife. Nambala ya kasitomalayo tilibe, ndiye ngakhale kupepesa sitikanatha.

Mu Juni tinagula njinga yamoto yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kulemba mnyamata wina wakwathu yemwe ntchito yake ya ku lesitilanti inali itatha. Maoda ankabwera pa WhatsApp. Nayo njinga ili ndi zake: petulo, inshuwalansi, tayala likaphulika malonda aima, mvula ikagwa maoda amachedwa, ndipo kutali sitifikako. Chilolezo cha eni dzina tinachidikira milungu ingapo. Ngati muli ndi franchise, yambani mwawerenga pangano lanu musanagule njinga, chifukwa ena salola.

Komabe ndalama yonse ya oda inkalowa kwa ife, ndipo makasitomala anakhala athu. Amayi ena achikulire ankaopa kutuluka m'nyumba. Mnyamata wathu ankaika chakudya pa geti, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, kudikira mpaka atenge, kenako n'kuwafunsa mmene adzukira. Mayiwo anapereka nambala yathu kwa anthu a mu msewu wawo wonse.

App sitinaisiye, timaitsegula Lachisanu ndi Loweruka madzulo pamene njinga imodzi siingakwanitse, komanso imatibweretsera anthu osatidziwa. Koma kwa shopu yatsopano yomwe ikulipira kale eni dzina ndiponso ngongole yotsegulira, ine ndingati yambani ndi njinga yanu, muzitumikira misewu yoyandikana nanu. Ife tinagula yachiwiri mu Novembala chaka chomwecho.