Chikompyuta chija sichinabedwe, ndinagula kakang'ono

Amene mumandiimbira pa vidiyo mwakhala mukufunsa kuti chikompyuta chinkaoneka kumbuyo kwanga chija chinapita kuti, ena mpaka kuganiza kuti akuba anandiyendera. Ayi ndithu. Ndinachipereka kwa mnyamata wina wokonza zamagetsi, m'malo mwake ndinagula kakang'ono kamene kuno amakatchula kuti mini PC. Kukula kwake n'ngati Baibulo la pa guwa, ndipo simukaona chifukwa ndinakamangirira kuseri kwa sikirini.

Mukudziwa mmene ambirife timakhalira kuno ku Joni. Chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni ake, bedi momwemo, chitofu momwemo, mlendo akabwera amakhala pa ndowa. Chikompyutacho chinkadya malo a munthu, fani yake ili phokoso, mayunitsi a magetsi akungotha. Koma chimene chinandikankha kwenikweni ndi Windows, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo changacho chinali chokalamba moti Windows 11 sinkalowamo.

Apa ndiye mumvetsere, makamaka inu achimwene amene mwayamba kale kundinong'oneza kuti ndikupezereni. Timakompyutati tambiri togulitsidwa motchipa ndi tochokera m'maofesi: Lenovo ThinkCentre Tiny, Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini. Makampani akasintha makina, akalewo amakathera m'mashopu a kaunjika wa makompyuta. Maonekedwe n'chimodzimodzi, zambiri zakuda, zaukhondo bwino, koma zaka zake n'zosiyana. Ngati purosesa, ubongo wa kompyuta, ndi ya kampani ya Intel, Windows 11 imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba. Yang'anani nambala yake: ikakhala i5-6500T ndi ya m'badwo wa 6, ikakhala i5-8500T ndi ya 8. Wogulitsa amene ndinayamba kumupeza ankangobwereza kuti "ndi i5 bwana, i5," osafuna kutchula manambala otsatirawo. Ndinamusiya n'kulowa shopu ina.

Mufunsenso ziwiri izi musanatulutse ndalama. Ka m'ofesi kankalumikizidwa pa intaneti ndi chingwe, choncho si konse kali ndi Wi-Fi mkati. Kanga kanalibe, ndinachita kugula kachipangizo kobaya pa USB. Komanso tambiri kumbuyo kwake tili ndi bowo la DisplayPort osati HDMI, ndiye ngati mukufuna kukalumikiza ku TV pamafunika kachingwe kosinthira. Zinthu zotchipa zonsezi, koma munthu ukafika nako kunyumba usiku n'kupeza kuti chingwe sichikulowa, mtima umawawa.

Kwa ine kagwira ntchito. Ndimalemberapo makotesheni a ntchito yanga ya penti, mwana amachitirapo za kusukulu, Lamlungu anzathu a kumudzi amabwera kudzalembetsa ma CV uku tikumvera wailesi za kwathu pa intaneti. Kali ndi RAM (malo amene kompyuta imagwirira ntchito) ya 8GB ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga), kamadzuka ketulo isanayambe n'komwe kulira. Phokoso kalibe. Pa chaja chake palembedwa 65W, ndipo pa ntchito wamba ngati kulemba kamadya zochepa kuposa pamenepo. Kutsegula n'kosavuta, sikuluwu imodzi kumbuyo, chivindikiro n'kutsetsereka. Ndimapukuta fumbi pa fani ndekha. Za magemu akuluakulu zokha muiwale, si ntchito yake.

Tsopano nkhani ya magetsi, imene ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi. Kakompyutaka kalibe batire. Laputopu magetsi akazima imapitiriza, aka kamathima nthawi yomweyo, ndipo zimene simunasunge zapita. Kuno chaka cha 2023 kuzima kwa magetsi kosinthana madera kunafika poipa, pafupifupi tsiku lililonse. Pano zinachepa, komabe akuba akadula mawaya dera lonse limagona mumdima. Ine ndinagula UPS yaing'ono, bokosi la batire lolumikiza ku kompyuta, yongondipatsa mphindi zoti ndisunge ntchito n'kuzimitsa bwinobwino. Kwathuko mukudziwa nokha mmene magetsi amachitira. Ndiye mlamu, mwana wanu wa ku koleji uja musamugulire aka ayi. Iye akufunika laputopu yoti anyamule kupita nayo m'kalasi, aziwerenga ngakhale kuli mdima. Aka n'koyenera pamalo pokhazikika: pa shopu yotayipa ndi kupulinta pa trading centre, mu ofesi ya mpingo, kapena pakhomo pamene pali sola ndi inveta. Pa sola mpamene kamaposa chikompyuta chachikulu kutalitali, chifukwa sikamaliza batire msanga.

Mphamvu ya magetsi kuno ndi kwathu ndi imodzi, 230V, chosiyana ndi pulagi basi. Ya kuno mano ake ndi obulungira, ya kwathu ndi amakona. Musadule chingwe n'kusomeka mawaya pa soketi monga timachitira ndi mbaula; chingwe chochokera ku chaja kupita kukhoma chimazuka, mugule china cha pulagi ya kwathu.

Kutumiza kwake ndiye kosavuta. Kamalowa m'chikwama cha m'manja pakati pa zovala, munthu n'kukwera nako basi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza osadandaula kuti wina akakhalira. Sikirini ndi imene ndimakana kutumiza, chifukwa pansi pa basi pamene amapanikiza mafiriji ndi zigubu za mafuta ophikira singafike yamoyo. Ngati muli ndi TV ya HDMI, imeneyo ikwanira poyambira, kiyibodi ndi mausi mukagula ku Limbe kapena ku Lilongwe konko. Achimwene, mundiuze kaye ngati sola ija munamaliza kulumikiza komanso kuti inveta yanu ndi ya mawati angati, kenako tikambirane za mtengo. Lisiti ndidzaika m'chikwama momwemo, wonyamulayo adzaifuna pa chipata.